Mphini Zimene Makina Anafufuta

Situdiyo yanga ili pa Madisi, kuseri kwa mashopu ogulitsa feteleza. Si ine ndinaiyambitsa. Achimwene anga ndiwo anaisiya m'manja mwanga popita ku Joni, amvekere, "Ungondiyang'anirako miyezi ingapo, mlongo wanga, ndikubwera." Ana awo pano ayamba kukwatira, eni ake akadali kubwera. Anandisiyira kamera, benchi, ndi chinsalu chakumbuyo chojambulidwa nyumba yosanja ndi ndege ikudutsa pamwamba pake.

Masiku oyambawo ntchito inkayenda. Lamulungu anthu akatuluka ku Misa ankabwera ndi ana atawadzoza mafuta mpaka kunyezimira, n'kuima kutsogolo kwa nyumba yosanjayo ngati ndi yawo. Nyengo yogulitsa fodya abambo ankabwera ndi majekete atsopano, ena atanyamula wailesi kuti nayonso ioneke. Kenako kunabwera mafoni. Aliyense anasanduka wojambula, ngakhale mwana wosadziwa kupukuta mamina. Ine ndinatsala ndi tizithunzi ta pa ziphaso ndi fotokope. Panali masiku oti ndasesa m'mawa, ndakhala pakhomo kuonerera njinga za kabaza zikudutsa, madzulo n'kutseka fumbi ndinasesa lija litabwereramo lokha popanda phazi la kasitomala. Ndinafika poganiza zochotsa zonse n'kuyamba kugulitsa kaunjika.

Inki ya pulinta ndimakagula ku Dzaleka, kwa bambo wina wa ku Kongo amene amakonzanso makompyuta. Tsiku lina ndikudandaula za bizinesi, iwo anati ndikhale kaye pansi. Anatenga chithunzi chakale cha ukwati chimene munthu wina anawasiyira, chofwifwa, chodyedwa ndi mphemvu m'mbali, n'kuchilowetsa mu kompyuta. Analemba mawu pang'ono. Ndisanakhazikike n'komwe pampando, chithunzi chija chinatuluka chatsopano, velo ili mbee, maluwa ali psuu, mkwati akumwetulira ngati ukwatiwo unachitika dzulo. Ndinakuwa, "Mayo ine! Ufiti wanji umenewu?" Iwo anaseka, n'kundiuza m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiswahili kuti si ufiti, amati AI. Zilembo ziwiri basi, ngati dzina la mankhwala opopera fodya. Anati ndi makina amene anaona zithunzi zosawerengeka za anthu a m'maiko onse, ndiye ukawapatsa chithunzi chong'ambika amadziwa chimene chiyenera kukhala pong'ambikapo. Ine ndinangogwira mawu akuti "amadziwa", n'kubwerera nawo ku Madisi.

Sindinama, chinthu chimenechi chinandidyetsa, ndipo chikundidyetsabe. Amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo ameneyu anadza nako ndithu. Makadi a ukwati amene kale anthu ankakapangitsa ku Lilongwe anayamba kupangidwa pa tebulo langa. A mashopu a feteleza anayamba kubwera kuti ndiwapangire zikwangwani, chimanga chili gwaa, zitsononkho ngati mikono ya mwana. Mayi wina wa lesitilanti ya pafupi ndi siteji anandipempha chithunzi cha nkhuku ndi tchipisi choti apachike pakhomo. Makinawo anamujambulira nkhuku yonenepa ngati nkhukundembo. Makasitomala akalandira kantchafu kouma ankaloza pakhomopo, iye osachita manyazi n'komwe: "Imeneyo yatha m'mawa, mwachedwa." Tinkaseka mpaka misozi.

Koma ntchito imene inadzaza benchi langa inali ya zithunzi zakale. Mbiri itamveka kuti pa Madisi pali mayi woukitsa zithunzi, anthu anapita pansi pa masutikesi. Anabwera nazo zoumbidwa ndi chiswe, zodontheredwa ndi denga, zina zomatirirana ziwiriziwiri. Mphunzitsi wina wopuma ntchito ataona bambo ake atavala yunifomu ya usilikali, mabatani akuwala, anavula magalasi n'kulira pamaso panga, munthu wamkulu. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati dokotala.

Zina ndinkaziona, koma ndinkangozidumpha. Makinawo sakonda munthu wakuda bii, amangomuwalitsako pang'ono osakufunsa. Mano otalikirana amawayandikizitsa. Makwinya amawasita. Palibe amene anabwerako kudzadandaula, nanga ndani angabweze chithunzi chifukwa choti chamukongoletsa? Ena ankachita kupempha okha kuti ndiwachotseko kamimba. Ine ndinkati bola kasitomala atuluke akumwetulira.

Anthu awiri amene ndikufuna kunena anabwera nthawi ya mwera, anthu atagulitsa fodya ndi soya, nyengo imene m'midzi mumamangidwa ziliza. Galimoto inaima pakhomo. Munatuluka bambo wa zaka zonga zanga, wooneka kuti amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe, foni ziwiri m'manja. Anatsegula chitseko chakumbuyo n'kutsitsa nkhalamba yovala jekete lalikulu ndi chipewa, manja ake okhakhala ndi akuda chifukwa cha fodya wa zaka zambiri. Anali bambo ndi mwana wawo. Akuluwo kwawo kunali ku mapiri a ku Ntchisi, chakufupi ndi nkhalango.

Nditawalonjera, mwanayo ndiye anafotokoza. Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu. Manda awo anakhala zaka zonsezi ndi mulu wa dothi ndi kamtengo basi, ndiye tsopano popeza Mulungu wamuona, akufuna kuwamangira chiliza chabwino. Ankafuna nkhope ya mayi ake ikhale pa mwala wa chilizacho, komanso idindidwe pa nsalu zoti mbumba yonse ikavale tsiku lochotsa nsalu yoyera pa chiliza.

"Ine nkhope yawo sindiidziwa, mayi," anatero. "Ndimakumbuka msana wokha, ndi fungo la utsi pa mpango wawo. Mwana wobelekedwa amadziwa msana."

Akuluwo anapisa m'thumba la mkati la jekete n'kutulutsa jumbo yopindapinda. Anaimasula pang'onopang'ono. M'katimo munali chithunzi chimodzi, cha amayi a mpingo ataima kutsogolo kwa tchalitchi, onse mipango yoyera. Denga linachidonthera kalekale, mbali imodzi inali yachikasu. Analoza ndi chikhadabo kumapeto kwa mzere wakumbuyo.

"Amake uyu ndi awa."

Nkhopeyo inali ngati njere ya mtedza. Ndinafunsa ngati palibe china. Anati palibe, nthawi imeneyo wojambula ankafika kumapiri kamodzi pakanthawi, ndipo malemuwo ankathawa kamera.

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinawauziratu. Ndinati, "Achimwene, apa mulibe nkhope muno, muli chithunzithunzi chabe. Makina akachikulitsa ichi azingoganizira." Mwanayo anati ndiyese basi, anamva kuti ndimachita zodabwitsa. Kutamandidwa kumakoma, ndipo ntchito inali yaikulu, ya nsalu zambiri. Ndinachilowetsa mu kompyuta, ndinadula kankhope kaja, ndinalemba mawu anga a masiku onse.

Pa galasi la kompyuta panatuluka mayi. Koma mayi! Masaya osalala, maso aakulu ofatsa, mpango woyera utamangidwa bwino, kamwa ikumwetulira pang'ono ngati akudziwa kanthu. Ngakhale ine ndinapuma mozama. Mwanayo anaika mafoni ake pa tebulo, anagwira pakamwa, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. "Amayi anga," ankangoti choncho. "Amayi anga." Ndinatembenukira kukhoma kuti alire bwino.

Akuluwo anavula chipewa n'kusendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana ine.

"Mayi, awa ndi okongola ndithu. Koma ndi a kuti?"

"Ababa, ndi amayi amenewa," anatero mwanayo.

"Mphini zili kuti?"

Achinyamata a lero ena mphini amangodziwa za kwa sing'anga. Izi zinali zina, zokongoletsa. Atsikana a kale kumapiriko akamakula ankawatema timizere tating'ono pankhope ndi lumo, n'kupakamo makala, tikapola n'kutsala takuda mpaka kumanda. Ndinabwerera pa chithunzi chakale chija n'kuchikulitsa mmene chinalili. Pa tsaya la kankhope kaja panalidi timadontho takuda. Makinawo anationa ngati litsiro la mphemvu, n'kutipukuta bwinobwino monga amapukutira litsiro lina lonse.

Ndinati musadandaule agogo, tiziika. Ndinalemba m'Chingerezi changa cha fomu folo kuti mayiyu anali ndi zizindikiro zotema pankhope. Makinawo sanakane, sakana ndi kale. Anatulutsa mayi wa zipsera zazitali kuchokera pamphumi mpaka kuchibwano, ngati wakhapidwa ndi chikwanje. Akuluwo anabweza mutu, "Iii, ayi!" Ndinalembanso. Panabwera wina wa madontho oyera opaka, ngati ovina a m'mavidiyo a kunja. Akuluwo anayamba kufotokoza, akuloza pankhope pawo ndi chala: timizere tatifupi pamasaya onse awiri, kena pakati pa nsidze. Anati mphuno inali yotambalala kuposa apo. Anati anali akuda, akuda enieni. Anati mano akutsogolo anali ndi mpata, ndipo diso lakumanzere linali laling'ono pang'ono, makamaka akakwiya.

Chilichonse chimene ananena ndinalemba. Koma chinthu chija chili ndi khalidwe loipa: ukachiuza kuti chikonze mphuno, chimasinthanso chibwano. Ukati chibweze chibwano, maso asanduka a munthu wina. Nthawi iliyonse pankabwera mayi watsopano, wooneka ngati munthu weniweni woti ungakumane naye pa chigayo n'kumupatsa moni. Posakhalitsa galasi lonse linadzaza amayi a mipango yoyera, atandandalikana, onse akutiyang'ana. Mwanayo anali ataimirira kumbuyo kwa bambo ake, akuloza.

"Nanga awa, ababa? Awa akuyandikirako? Nanga awa a pakonawa?"

Akuluwo ankayang'ana uku ndi uku. Poyamba ankayankha msanga, "Ayi. Ayi, si iwo." Kenako anayamba kuchedwa. Pa wina anati, "Pakamwapa kapena." Pa wina anati, "Maso ngati ndi amenewa, kaya." Mtima unandipweteka, kenako unandipsa.

"Achimwene," ndinatero, "apa sitikusankha mbuzi pa msika. Asiyeni akuluwa apume."

Anandiyang'ana ngati ndamuwaza madzi. Kasitomala wa galimoto sazolowera kuyankhulidwa choncho ndi mayi wa fotokope. Koma akuluwo anali atanyamuka kale, anatuluka n'kukakhala pa khonde, pa benchi la odikira.

Ndinawatengera madzi akumwa n'kukhala pansi pafupi nawo. Mphepo inkaulutsa mapepala a shuga mumsewu. Anayamba okha kukamba. Anati malemuwo anawaona koyamba pa dambo, akuthirira mpiru, atakwinya nkhope chifukwa ng'ombe za eni zinawapondera bedi. Anati tsiku limenelo anatukwanidwa iwo, ng'ombe zisali zawo. Anaseka pang'ono.

"Ndinene zoona, mayi, amake uyu sanali okongola ngati awo mwawaika m'galasimo. Anthu sankatembenuka akamadutsa. Koma ine zaka zonsezi ndikatseka maso ndimawaona, mphini ndi mphini. Ndinakwatiranso, ndinabereka ana ena, koma iwo aja sanachoke."

Ndinalowa m'kati n'kumuuza mwanayo maganizo anga. Ndinati pa mwala palembedwe dzina ndi vesi basi, monga ankachitira kale. Ngati akufuna nsalu, tidinde chithunzi chonse cha amayi a mpingo chija mmene chilili, anthu azidziwa kuti mayi ake ali m'gulumo. Ndinati amayi onse ali pa galasiwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anabadwapo, makina awaumba kuchokera ku nkhope za eni.

Ndinkayembekezera kuti akalipa. Sanakalipe. Anayankhula motsitsa mawu, kuti bambo ake asamve.

"Ababa ali nawo m'mutu, mayi. Ine ndili ndi chiyani? Ana anga akandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndiziwaonetsa kadontho? Moyo wanga wonse anzanga ali ndi nkhope yoti aziyang'ana, ine ndilibe. Lero ndaiona koyamba, inu mukuti ndiisiye pano?"

Amene ananena zoona ndi akuluwo, koma amene anali ndi njala ndi mwanayo, ndipo njalayo sinali yonamizira. Ndinadziwanso chinthu china chimene aliyense wa bizinesi amachidziwa: ndikakana, galimoto ija ikaima pa Mponela kapena ku Lilongwe, kwa munthu amene sakafunsa n'komwe ngati malemu anali ndi mwamuna. Ndiye ndinavomera. Mwanayo anasankha nkhope yoyamba ija, yosalala, imene inamuliza. Akuluwo atafunsidwa anangoti, "Womanga chiliza ndi iwe." Ndinakonza zonse, nsalu zinakadindidwa mu tauni, chithunzi cha pa mwala chinabwera chonyezimira. Mpaka lero ndikamaganiza za tsikulo, nthawi zina ndimati ndikanakana, nthawi zina ndimati kukana kwanga kukanangondisangalatsa ndekha.

Tsiku la mwambo anandiitana kuti ndikajambule. Ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, kukwera zitunda zoti ukayang'ana m'mbuyo minda ya anthu ikuoneka ngati zigamba za pa buluku. Kunkazizira ngakhale dzuwa linali litakwera. Nditafika pamudzi ndinaima kaye. Nkhope ija inali ponseponse. Inali m'chiuno mwa amayi otunga madzi, inali pa mitu, inali pa misana yobelekera ana, inali pa tisheti za anyamata osenda mbuzi. Kulikonse kumene ndinatembenukira, mayi uja wa pa kompyuta yanga ankandimwetulira.

Ndinadziuza kuti pano pali akuluakulu amene anakhala naye malemuyo, amene anasinja naye, wina anena. Ndinatchera khutu. Amayi achikulire ankatambasula nsalu, kuiyang'ana, n'kumagwedeza mutu. "Eee, anali chiphadzuwa." "Mulungu amatenga abwino." Kuseri kwa nyumba, kumene ankatunga thobwa, ndinamva gogo wina wa mphini zake pankhope akunong'oneza mnzake.

"Koma iwe, ndi yemwe uja ameneyu? Uja sanali wakuda ngati ine?"

"Khala chete! Ukufuna kunena kuti malemu anali wonyansa? Mwana wa eni wavutika, watiphera mbuzi, iwe uzikamba zimenezo?"

Gogo uja anangomangirira nsalu yake bwino. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene sindinachiganizire ku Madisi. Kwathu kuno womwalira sanenedwa zoipa. Makina akanamunyansitsa mayiyu, mudzi wonse ukanaima n'kukana, nsalu zikanabwezedwa, ine ndikanathamangitsidwa. Koma anamukongoletsa. Ndani angaimirire pa manda, pamaso pa mwana wamasiye ndi akulu a mpingo, n'kunena kuti ayi, mayi ako sanali wokongola chonchi? Bodza lonyoza timalimbana nalo, koma bodza loyamikira timalivala m'chiuno.

Ku manda anaimba nyimbo, mkulu wa mpingo anapemphera, amalume a mbumbayo anayankhula. Atachotsa nsalu yoyera, nthungululu zinamveka mpaka ku phiri. Mwanayo anagwada n'kusisita chithunzi cha pa mwala ndi dzanja, ana ake aakazi awiri atamugwira mapewa, wamng'ono akuti, "Adadi, agogo ndafanana nawo eti?" Ndinajambula zonsezo, ndipo ndikuuzeni, chimwemwe cha bambo ameneyo chinali chenicheni, sindingachinyoze. Akuluwo anaima chapatali atavala jekete lawo lomwe lija. Nsalu anawapatsa anaipinda n'kuikhoma kukhwapa. Pa zithunzi zonse zimene ndinajambula tsiku limenelo, iwo akuyang'ana nsapato zawo.

Pobwerera, pa njinga yamoto ija, ndinkaganiza za mawu aja ndinabwera nawo kuchokera ku Dzaleka. Makinawo sadziwa. Amaganizira, koma amaganizira molimba mtima, osachita chibwibwi, osakanda m'mutu. Munthu ukamufunsa njira imene saidziwa, ngakhale atanama, umamuona maso akuthawathawa. Ichi chilibe maso othawa. Chimakupatsa yankho loyera, lositidwa, msangamsanga, ndipo chifukwa choti ndi lokongola iwe umachita manyazi kulikayikira. Pa nkhuku ya pa lesitilanti palibe amene anafa nazo, wadya kantchafu kake wapita. Koma pali ntchito zina zimene kasitomala sangathe kuyerekeza chimene walandira ndi chenicheni, chifukwa chenichenicho chili m'manda. Pamenepo amene watsala kuti anene zoona ndi wogulitsa yekha, ndipo wogulitsayo ali ndi ana ofuna fizi.

Sindinasiye kugwiritsa ntchito makinawo, ndisakunamizeni. Ndingasiye bwanji? Makadi, zikwangwani, zithunzi zong'ambika pakona kapena zofwifwa mtundu, zonsezo ndimapanga tsiku ndi tsiku, ndipo ndimazipanga bwino. Koma nkhope ya womwalira ikakhala yosaoneka, ndimafunsa kaye ngati alipo wamoyo amene ankamudziwa, ndipo ndimanena poyera kuti chimene chituluke ndi chongopeka. Ndikadinda, chakale ndimachiika pambali pa chatsopano, pa pepala limodzi. Ena amayamikira. Ena amati mayi ameneyu ngovuta, amalalikira m'malo mogwira ntchito, n'kupita kwa anyamata amene atsegula zawo pafupi ndi msika. Apite. Ndimakwiya madzulo, m'mawa ndatsegula.

Mvula itayamba, chimanga chili m'mawondo, akulu aja anatulukira okha. Anati anabwera ku chipatala cha mishoni kudzaonetsa maso, ndiye anati adutse. Nsapato zinali matope okhaokha, anakana kulowa mpaka nditawakakamiza. Anakhala pa benchi, chipewa pa bondo. Tinakamba za mvula, za feteleza, za mwana wawo amene anati akuwasamala bwino, wawafolerera nyumba ndi malata. Kenako anatulutsa jumbo ija.

"Mayi, ndimati mundikulitsire kankhope aka. Koma musakakonze. Musapukute kanthu, musaikepo kanthu. Kangokula basi mmene kalili."

Ndinachita zimenezo. Makina aja sindinawayandikire n'komwe. Pa pepala lalikulu panatuluka chimtambo chotuwa, mpango ngati banga loyera, pamene panayenera kukhala maso pali mithunzi iwiri, pa tsaya timadontho tija. Munthu wina akanati ndaononga pepala. Ndinawapatsa, ndinawakokera benchi pakhomo pamene pali kuwala.

Anachigwira ndi manja awiri. Anachiyandikiza, anachitalikiza. Anatseka maso nthawi yaitali, n'kutsegulanso. Ine ndinanamizira kupukuta kamera. Panja mvula inayamba kuwaza pa malata.

"Nsalu zija zili ponseponse kwathu," anatero, osandiyang'ana. "Ku chitsime, ku tchalitchi, pa chingwe choyanika. Adzukulu apachika chithunzi chija pabalaza, ndikamadya chikundiyang'ana. Ndimati ndikabwera kuno, ndikaona aka kopanda kanthu, mwina abwera okha ngati kale."

"Nanga abwera, agogo?"

Anatsekanso maso. Ndinaona akuyesetsa, nkhope yonse itakwinyika ngati munthu wosenza thumba lomulemera. Kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Akubwera awo a pa nsalu. Ndikuyesa kuwaika mphini, sizikukhala."

Anapinda pepalalo mosamala, n'kuliika mu jumbo pamodzi ndi chithunzi chakale. Anafunsa kuti alipire zingati, ine ndinangopukusa mutu. Anavala chipewa, anaima pakhomo kuyang'ana mvula.

"Ulendo woyamba anandisiya chifukwa cha matenda, ndinalira, anthu anandithandiza kulira," anatero. "Ulendo uno andisiya ndili ndekha, ndipo mudzi wonse ukuti ali pompano."